Chala Chamanthu pa Bobini: Nkhani Yokambidwa kwa Likoswe pa za Kagwiridwe ka Makina Owedzera

Ndaima pamaso panu kuno kwa Likoswe ndi nkhani imene ena angaiyese yachilendo m'dziko la mapiri ngati lino. Pakuti boma lathu la Chiradzulu lilibe nyanja, ndipo munthu akaima pa Nguludi nayang'ana kuphiri la Malabvi, chimene aona ndi minda ya chimanga ndi nandolo, osati madooko ndi mabwato. Nsomba zimene timadya, matemba a ku Chilwa ndi usipa wa ku Mangochi, zimatipeza zitauma kale m'madengu a amalonda. Komatu mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ana athu apita ku Joni, ku Durban ndi ku Cape Town, agwira ntchito m'nyumba ndi m'minda ya anthu okonda kuwedza, ndipo pobwerera kumudzi ena a iwo amanyamula, pamodzi ndi mabulangete ndi mawayilesi, ndodo zowedzera zokhala ndi makina okulungira chingwe. Zina mwa ndodo zimenezi zapachikidwa kudenga kufikira lero, chingwe chitapiringizika, eni ake atagamula kuti makinawo adafa. Ine ndaima pano kuwachitira umboni makinawo kuti ali moyo, koma kuti dzanja limene lidawagwira silidalangizidwe. Ndipo paja safunsa anadya phula.

Makina okulungira chingwe amene mungakumane nawo alipo a mitundu iwiri. Ena amalendewera kunsi kwa ndodo, bobini yake sizungulira poponya, chingwe chimangovundukuka chokha. Amenewo ndi ofatsa, mwana awaphunzira dzuwa lisanapendeke, ndipo sindichedwa nawo. Enawo, amene m'masitolo amagulitsidwa pa dzina lakuti baitcaster, amakhala pamwamba pa ndodo, bobini yake itapingasa, ndipo munthu akaponya bobiniyo imazungulira mwaliwiro lalikulu, ikukokedwa ndi kulemera kwa nyambo. Pamenepo ndi pamene pagona ubwino wake, pakuti amaponya nyambo yolemera molunjika nakoka nsomba yamphamvu mosatekeseka. Ndipo pomweponso ndi pamene pagona vuto lake lonse.

Ndisanafike pa dzanja, mundilole ndinene pang'ono za kumene makinawa adachokera, pakuti munthu akadziwa mmisiri amene adasula chida amadziwanso ulemu umene chidacho chifuna. Sadasulidwe ndi osula makasu kapena nkhwangwa ayi, koma ndi amisiri okonza mawotchi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, m'tauni ya Paris m'chigawo cha Kentucky ku America, mmisiri wa mawotchi dzina lake George Snyder adapanga chokulungira cha magiya, chakuti munthu akapukusa kamodzi bobini izungulire kangapo. Ndipo pambuyo pake abale a banja la Meek a ku Frankfort, m'chigawo chomwecho, amenenso anali anthu a mawotchi, adaipitiriza ntchitoyo kufikira mbiri yake idawanda. Cha m'ma 1897 William Shakespeare Jr. wa ku Kalamazoo adayamba kugulitsa makina okhala ndi kachitsulo koyenda uku ndi uku kamene kamayala chingwe mofanana pabobini. M'chaka cha 1952 fakitale ya ABU ya ku Svängsta m'dziko la Sweden, imene nayonso idayamba ndi mawotchi m'chaka cha 1921, idatulutsa makina otchuka aja a Ambassadeur okhala ndi mabuleki m'kati. Ndipo m'chaka cha 1973 Lew Childre adatulutsa makina aafupi, okwana m'chikhatho, amene ali kholo la ambiri a masiku ano. Taonani tsono: kwa mibadwo ingapo, mabuleki asanadze, anthu adaponya nyambo ndi makina amenewa napha nsomba, popanda china chogwira bobini koma chala chamanthu chokha. Zonse zimene amisiri adawonjeza pambuyo pake ndi atumiki a chalacho, ndipo mtumiki, ngakhale akhale wokhulupirika chotani, salowa ufumu wa mbuye wake.

Kuti mumvetse chifukwa chake chala chimodzi chili ndi udindo waukulu chotere, kumbukirani njinga imene mwaigadabuza pabwalo kuti muikonze: mukalikankha gudumu lake, dzanja lanu lichokapo koma gudumu lipitirirabe kuzungulira, ndipo silileka kufikira mphamvu yake itatha kapena wina ataligwira. Bobini ichita chimodzimodzi. Pamene nyambo ichoka kunsonga ya ndodo imathamanga koposa, niikoka bobini kuti izungulire molingana nayo. Koma ikamapita mphepo imaibweza, liwiro lake limachepa, ndipo ikagwa m'madzi imaima kotheratu, pamene bobini, yosadziwa kanthu za zimene zachitika kutsogoloko, ikali kusanza chingwe chimene palibe akuchikoka. Chingwe chosowa kopita chimenecho chimatukumuka pabobini pomwepo, mizere yake ilowana, ikwerana, imangana mfundo, ndipo m'kuphethira kwa diso munthu wagwira mpiringidzo umene ungamudyere tsiku lathunthu. Palibe tsoka pamenepa, palibe kulodzedwa, ndipo makina alibe mlandu. Bobini yangothamanga kupambana nyambo, ndipo ntchito ya dzanja ndiyo kuziyendetsa ziwirizi pa liwiro limodzi, kuyambira poponya kufikira pogwa.

Kagwiridwe kali pawiri, kena koponyera ndi kena kokokera, ndipo wofuna kuti kagwiridwe kamodzi kamuchitire ntchito zonse ziwiri adzazilephera zonse.

Koponyera nkotere. Tembenuzani ndodo muone kunsi kwake, pansi pa makina: mupezapo kanyanga kotuluka, kamene ambiri amakayesa chokongoletsera. Kanyanga kameneko mwini wake ndi chala chamkombaphala. Gwirani mpini ndi dzanja lanu lamphamvu kumbuyo kwa makina, chamkombaphala chikole kanyangako, zala zitatu zotsalazo zifungatire mpini, ndipo chamanthu chigone pamwamba, mnofu wake utakhudza zinthu ziwiri nthawi imodzi: kachitsulo kodina kamene kamamasula bobini, ndi chingwe chokulungidwa pabobinipo. Ndati mnofu, sindinati nsonga kapena chikhadabo, pakuti chikhadabo chimakanda chingwe ndipo nsonga imangodziwa kugwira ndi kutaya, pamene mnofu wofewawo ndiwo umamva chingwe chikayamba kutukumuka maso asanaone kanthu. Ndipo pano ndipempha nonse, ngakhale inu amayi amene simudzagwira ndodo, mutambasule dzanja lanu lamanja. Fumbatani zala zinayi mwamphamvu, kufikira mitsempha ya padzanja itaima. Tsopano yesani kuyendetsa chamanthu pang'onopang'ono, monga ngati mukusisita tsamba. Mwaona kuti chauma, chikuyenda modumphadumpha? Masulani zala zija, muyesenso. Chafewa. Chimene mwamva m'dzanja lanu ndicho chiphunzitso chonse cha lero: wofinya mpini ndi mphamvu za kumunda wachimanga chala chimene chikadampulumutsa. Ndodo siidzakupulumukani ayi, kanyanga kaja adakaikira chomwecho. Igwireni molimba pang'ono kuti isagwe, ndipo zotsalazo muzisiyire kufewa.

Mutagwira chotero, potokolani dzanja kuti chikhatho chiyang'ane pansi, ndipo ngati chopukusira cha makina anu chili kudzanja lamanja, mudzaona kuti tsopano chaloza kumwamba. Ichi ambiri amachinyalanyaza, naponya makina atakhala chagada monga adawapezera, koma chifukwa chake nchomveka: mfundo imene dzanja lilumikizana ndi mkono imapindika momasuka pamene chikhatho chaweramira pansi, ndipo kuponya kwa makinawa nkwa mfundo imeneyo ndi chigongono, si kwa phewa ayi. Nyambo ilendewere kuchokera kunsonga ya ndodo masentimita 20 kapena 30. Dinani kachitsulo kaja kufikira mutamva kulira kwake, chamanthu chitagwira bobini kuti nyambo isagwe. Chigongono chikhale pafupi ndi nthiti. Musanasunthe, cheukani muone ngati kumbuyo kwanu kulibe mwana, pakuti mbedza siisankha pokola. Pamenepo bwezani ndodo kumbuyo mosathamanga, kufikira mutamva kulemera kwa nyambo kukuipinda, ndipo osaima, ibwezeni kutsogolo ndi kuyenda kumodzi kosalala. Ngati ndodo yanu ili ya mpini wautali, dzanja lamanzere ligwire kumapeto kwa mpiniwo, likoke pamene lamanja likukankha. Mphamvu yoponya ili m'kupindika kwa ndodo. Mkono wa munthu ungoitsogolera, ndipo woponya mwaukali ndiye woyamba kupiringiza.

Tsono tafika pachimake, pamene chala chiyenera kudziwa nthawi yake. Chamanthu chimasule bobini ndodo ikali kuloza kumwamba, itangopitirira mutu wanu, msanga kupambana m'mene mtima wanu ukuuzirani. Mukachedwa, nyambo idzadziguguda m'madzi pafupi ndi mapazi anu bobini ikali pa liwiro lake lonse, ndipo mpiringidzo wake udzakhala woopsa. Mukafulumira, nyambo idzakwera kumitambo nigwera pafupi, koma kulakwa kumeneku nkopepuka, ndipo wophunzira kuli bwino alakwire mbali imeneyi. Kumasula sikutanthauza kuchotsa chala nkuchiimika m'mwamba. Chala chingotukuka pang'ono ndithu, kotero kuti chingwe pozungulira chizichinyambita. Ndipo m'mene nyambo ikuuluka, maso anu akhale pa nyamboyo, osati pamakina, pakuti chimene chichitika pabobini chala chidzakuuzani. Mukamva chingwe chikufufuma pansi pa mnofu, sindikizani pang'ono kufikira chitagonanso. Nyambo ikayamba kutsika onjezerani kusindikiza, ndipo pamene yatsala pang'ono kukhudza madzi gwirani bobini iime nji. Wochita bwino ichi nyambo yake imatera mwakachetechete, osadzidzimutsa nsomba, ndipo amatha kuiimitsa pamphepete penipeni pa bango kapena pansi pa nthambi yoweramira m'madzi, kumene nsomba zazikulu zimabisala. Ndicho chifukwa chake anthu odziwa amawakonda makina ovutawa nasiya ofatsa aja.

Nyambo ili m'madzi, ndipo kagwiridwe koyamba katha ntchito. Apa chamanthu chitsike pampando, pakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo ntchito yokoka ndi ya dzanja lonse. Perekani ndodo kudzanja lamanzere, koma lamanzerelo lisagwire mpini kumbuyo monga lidachitira linzake. Libwere kutsogolo, lifungatire makina enieniwo, mbali yawo yosalala, yopanda chopukusira, italowa m'chikhatho. Chamanthu chigone pamwamba pa chimango cha makina, osakhudza bobini. Zala zinayi zizungulire kunsi kwa ndodo, kanyanga kaja katalowa pakati pa chala chapakati ndi cha mphete, kapena pakati pa cha mphete ndi chaching'ono, monga mwa kukula kwa dzanja la munthu. Wa dzanja laling'ono asadzikakamize kutsanzira wa dzanja lalikulu. Lamanja lipukuse, ndipo pakupukusa koyamba mudzamva makina akulira, ndiko kuti bobini yagwidwanso ndi magiya. Phindu la kagwiridwe kameneka ndi lalikulu ndithu. Makina ndi ndodo zilemera pamalo amodzi m'kati mwa dzanja, kotero kuti popukusa ndodo siigwedezeka uku ndi uku, mkono sutopa msanga, ndipo nsomba ikagunda mwadzidzidzi ipeza dzanja lonse lili chire. Koposa zonse, chamkombaphala chili pafupi ndi chingwe pamene chituluka m'makina, ndipo mukhoza kuchikhudzitsa pachingwepo kapena pathupi la ndodo.

Ichi chomalizachi sindikuphunzitsani ine, mudachiphunzira kale. Ndani mwa abambo ali pano amene paubwana wake sadakhale m'mbali mwa dziwe ndi kansungwi, ulusi ndi nyongolotsi, kudikira mlamba? Mudziwa kuti mlamba usanameze umayamba wanunkhiza, nugwedeza nyambo pang'ono, ndipo kugwedeza kumeneko kumafika kuchala diso lisanaone. Nzeru imeneyo ndi yakale kupambana makina onse; ngakhale Simoni Petro, msodzi wa makoka, tsiku lina adatumidwa kunyanja ndi mbedza imodzi yokha. Chimandiwawa mtima kuona mnyamata amene ndi kansungwi anali katswiri, atagwira ndodo ya kusitolo nkuiwala zonse, ngati kuti mtengo wake wa ndalama wamuchotsera kumva kwa zala. Makina sadadze kudzapasula chimene mudachidziwa, koma kudzachifikitsa patali.

Pa za kusinthana manja pali kusiyana maganizo pakati pa owedza. Makina ena amapangidwa chopukusira chili kumanzere, kotero kuti munthu aponya ndi lamanja, nangolisendeza kutsogolo kuti lifungatire makina, lamanzere nkumapukusa, ndodo osachoka m'dzanja limodzi. Ndipo ine ndiweruza kuti woyamba kumene, ngati ali ndi mwayi wosankha, atenge amenewa, pakuti nsomba zina zimagunda nyambo itangogwa, nthawi imene wosintha manja ali pakati pa njira. Koma ambiri a ife sitisankha, timalandira chimene mlamu watibweretsera. Wotero asade nkhawa. Aphunzire kusintha chala chitangoimitsa bobini, osati nyambo ikali m'mlengalenga, kufikira manja atazolowerana. Wamanzere angotembenuza zonse ndanenazi.

Za atumiki a chala aja ndinena mwachidule. Pafupi ndi chopukusira pali kachivundikiro kozungulira kamene kamafinya bobini m'mbali. Mangani nyambo, kwezani nsonga ya ndodo pang'ono, dinani kachitsulo, ndipo muzikapotokola kufikira nyambo izitsika yokha mwapang'onopang'ono, ndi kuti ikakhudza pansi bobini iime yosatulutsanso chingwe. Ndipo nthawi zonse mukasintha nyambo muyesenso, pakuti kulemera kwasintha. Kumbali inayo kuli mabuleki, ena a maginito otembenuzira kunja pa manambala, ena a timapini tokankha m'kati mutatsegula chivundikiro. Woyamba awaike okwera, alole kuti nyambo yake isapite patali, ndipo aziwatsitsa pang'onopang'ono m'mene chala chake chikukhwimira. Fulumira adadya gaga. Chingwenso musachidzaze kufikira pakamwa pa bobini, musiyepo mpata wa mamilimita 3. Ndipo pophunzira chikhale cha nayiloni, cholimba kunyamula makilogalamu 6 kapena 8, pakuti chopyapyala chimalowana msanga ndipo choluka chija nchokwera mtengo kuchiononga.

Chotsala ndi nyenyezi, chitsulo cha nyanga zingapo chimene chili pansi pa chopukusira. Ntchito yake siikhudza kuponya konse. Ndiyo imalola bobini kuterereka nsomba ikakoka mopyola muyezo, kuti chingwe chisaduke. Muyezo wabwino ndi wakuti iyambe kuterereka pa gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mphamvu ya chingwe, ndipo sikelo yoyesera muli nayo kunyumba: botolo la malita 2 lodzaza madzi limalemera makilogalamu 2. Ngati chingwe chanu nchamakilogalamu 6, chimangeni pakhosi pa botololo chisanalowe m'timphete ta ndodo, nyamulani makina, ndipo mupotokole nyenyezi kufikira botolo litangoyamba kunyamuka chingwe nkumaterereka. Tsiku limene nsomba yaikulu idzathamanga ndi nyambo yanu, mtima udzakuuzani kuti mupanikize bobini ndi chamanthu; musaumvere. Chala chimene chinali mfumu poponya chikhale mlendo pamenepa, pakuti mukapanikiza mwaphwanya muyezo umene mudaika, chingwe chidzaduka kapena chidzakutenthani mnofu. Kwezani ndodo, ilekeni ipindike, nsomba ikatopa tsitsani ndodo uku mukupukusa, mukwezenso. Ndipo chingwe choluka musachikulunge pazala pofuna kukoka mbedza yokodwa, chifukwa chimacheka kufikira fupa, chikulungeni pakamtengo.

Mpiringidzo udzabwera ndithu, ngakhale kwa akatswiri, makamaka poponya moyang'anana ndi mphepo, ndipo munthu amadziwika ndi m'mene amaumasulira. Musakoke mwaukali, ndipo lezala likhale m'thumba. Khalani pansi, dinani kachitsulo, chamanthu chitagona mopepuka pabobini, ndipo ndi dzanja linalo kokani chingwe kutsogolo kwa makina kufikira chitakana. Pamene chakanirapo yang'anitsitsani: mudzaona kamzere kamodzi katapinda ngati kagoli, katapanikiza chingwe chimene mukukokacho. Kameneko ndiko kolakwa, ena onsewo ndi mboni chabe. Kakoleni ndi chikhadabo kapena kamtengo ka machesi, kakokereni kumbuyo, kwa inu, kufikira katamasuka, ndipo mukokenso chingwe kutsogolo. Chidzayenda pang'ono nkukananso pa kagoli kena, ndipo muchite chomwecho. Pakakanika, limbitsani nyenyezi, kanikizani chamanthu mwamphamvu pamfundopo, pukusani theka la kuzungulira, dinaninso kachitsulo mukoke. Kawirikawiri mfundo imagona nimasuka. Mukatha tulutsani chingwe chonse chofooka, muchikulungenso chitadutsa pakati pa zala ziwiri kuti chilimbe, pakuti mzere umodzi wofooka wotsala m'kati ndiwo mbewu ya mpiringidzo wotsatira. Ndipo musaiwale kubwezera nyenyezi pa muyezo wake. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo sindidziwa ntchito ina imene mawuwa amaikwana kupambana iyi.

Ubwino wake ngwakuti zonsezi siziphunziridwa kumadzi, ndipo m'menemo ife a kumtunda sitichepekedwa kanthu. Bwalo la mpira likwanira. Chotsani mbedza, mangani nati yachitsulo yolemera ngati magalamu 14 kapena kupitirira pang'ono, ikani ndowa pamtunda wa mapazi 10, mphepo ikhale kumbuyo kwanu, ndipo muponye kufikira natiyo izigwera m'ndowa kapena pambali pake chala chitaimitsa bobini. Pamenepo sendezani ndowa patsogolo. Musayambe ndi kufuna kutali, pakuti kutali kumadza kokha pamene kulunjika kwakhazikika. Pali nzeru inanso yothandiza oyamba: tulutsani chingwe chotalika kupitirira pang'ono pamene mumaponya, matani kachidutswa ka tepi pachingwe chotsala pabobini, mukulungenso, mpiringidzo ukabwera udzalekera patepipo, sudzalowa m'kati.

Mudzafunsa kuti, nanga titaphunzira tidzawedza kuti? Makinawa si a matemba ayi, pakuti nyambo yopepuka ilibe mphamvu yozunguza bobini. Ndi a nsomba zolusa ndi zolemera. Nsomba imene adapangidwira, yotchedwa bass, kwawo ndi ku America. Idafika ku South Africa m'chaka cha 1928, ndipo kuno kwathu idaikidwa m'madamu ena a m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndi paphiri la Zomba. Madamu amenewo ali ndi eni ake, ndipo munthu waulemu amayamba waodira. Mlamba waukulu wa m'mitsinje ndi m'madambo athu makinawa amaukoka bwino lomwe. Kunsi kwa mathithi a Kapichira, kumene Shire atsikira ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kuli mcheni wa mano akuthwa, umene mathithiwo adautsekereza kuti usakwere kumtunda. Wopita kumeneko amange kawaya pakati pa chingwe ndi mbedza, ndipo asaime pamphepete penipeni pa madzi kapena kubwerera malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, pakuti ng'ona imaphunzira mayendedwe a munthu. Kulikonse kumene mupita, yambani mwafunsa ku ofesi ya zausodzi za chilolezo ndi za miyezi imene kupha nsomba nkoletsedwa, pakuti lamulo la zausodzi lilipo, ndipo ife amene tidamva za kuphwa kwa nyanja ya Chilwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, tidaona ndi maso m'mene ndiwo zimasowera madzi akakana.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wanga wonse, inu anyamata. Musatenge ana a bass m'damu nkudzawaponya m'maiwe a alimi athu kapena m'mitsinje, poganiza kuti mukudzibweretsera masewera pafupi. Nsomba imeneyo imadya zinzake, ndipo m'dziwe limene mayi wamasiye akuweta makumba ndi chilunguni kuti apeze fizi ya ana, idzameza mbewu yonse iye osadziwa chimene chamudyera. Maiwe amenewo ndi minda ya eni ake, ndipo mbedza yoponyedwamo usiku siisiyana ndi dzanja lolowa m'nkhokwe ya mnansi. Dziwaninso kuti ndodo zambiri za masiku ano nzopangidwa ndi graphite, imene imayendetsa magetsi. Musainyamule chiimire pansi pa mawaya, ndipo mitambo ikayamba kugunda igonekeni pansi, muchoke pamadzi.

Mukabwera kowedza, masulani nyenyezi kotheratu kuti zofinya zake za m'kati zisaphwatalale, pukutani makina ndi kansalu konyowa pang'ono, aume pamthunzi, ndipo muwakulunge m'nsalu, pakuti fumbi la mwezi wa Okutobala likalowa m'kati limawadya mwakachetechete. Bobini ikayamba kulira mokhadzula, dontho limodzi la mafuta a makina osokera pa mabering'i a mbali zonse ziwiri likwanira. Mafuta ophikira amamata, ndipo girisi ndi wa magiya okha, akafika pamabering'i bobini imalemera nikana kuponya.

Ndalankhula nthawi yaitali, eni mudzi. Amene mwabwera ndi ndodo zanu, zopiringizika ndi zabwino zomwe, titsikire kubwalo. Ndowa zaikidwa kale. Muchotse mbedza zonse musanatuluke muno, muime motalikirana mapazi 5, amanzere akhale kumapeto kwa mzere kuti ndodo zisagundane, ndipo ana akhale kumbali, osati kumbuyo. Tiyamba ndi kumasula mipiringidzo ija.